Tsiku limodzi ku Budapest muli ndi mayi ovutika mawondo

Mayi wina wokhala ku Leeds watilembera kuti mwezi wa Meyi akakhala ndi tsiku limodzi lokha ku Budapest, likulu la dziko la Hungary, ndipo ayenda ndi mayi awo omwe mawondo amawavuta. Funso lawo n'lakuti: "Kodi tingaone nyumba ya mafumu ya ku Buda ndi m'mbali mwa mtsinje wa Danube tsiku lomwelo osawapweteka mayi?"

N'zotheka ndithu, mayi, bola musakwere phiri wapansi. Mbali ya Buda ili pamtunda, ya Pest ndi chigwa, ndipo Danube adutsa pakati. Kale inali mizinda yosiyana mpaka inaphatikizidwa mu 1873. Pamwamba pa phiri m'posalala, kotero chovuta ndi kukwera basi.

Lawirirani. Cha m'ma 8 koloko kwerani basi nambala 16 pa Deák Ferenc tér, mukatsikire pa Szentháromság tér, pakhomo penipeni pa tchalitchi cha Matthias. Tikiti muguliretu pa makina kapena pa foni kudzera pa BudapestGO, ndipo muidinde mukangokwera. Alendo ambiri amapatsidwa chindapusa ali ndi tikiti m'manja, chifukwa tikiti yosadinda oyendera amaiona ngati palibe. Anthu adzakuuzani za Sikló, kasitima kokwera phiri kamene kanayamba mu 1870. N'kokongola, koma ulendo wake sukwana mphindi ziwiri, tikiti ya basi sigwira ntchito kumeneko, ndipo masana mzere umatalika. Kuimirira pamzere n'kumene kungawatopetse mayi kuposa kuyenda.

Yambirani pa Halászbástya, khonde loyera la nsanja 7 lomwe linamangidwa pakati pa 1895 ndi 1902. Nsanjazo zikuimira atsogoleri 7 amene anabweretsa mtundu wa Magyar m'dzikoli. Kumtunda kwake kumalipiritsa masana ndipo kuli masitepe. Musavutike nako, pansi m'paulere ndipo mtsinje, milatho ndi Nyumba ya Malamulo zimaoneka bwinobwino kudzera m'mazenera a miyala. Pofika 10 koloko magulu a alendo amakhala atadzaza, moti n'kovuta kupeza poima.

M'tchalitchi lowani, ngakhale pali kulipira. Denga lake ndi la matailosi a ku fakitale ya Zsolnay obiriwira, achikasu ndi ofiirira, ndipo m'kati zipupa ndi zipilala n'zojambulidwa kuyambira pansi mpaka kudenga. Anthu a ku Turkey atalanda Buda mu 1541 anachisandutsa mzikiti mpaka 1686, ndipo mu 1867 Franz Joseph, mfumu ya Austria, anavekedwa ufumu wa Hungary momwemo. Muli mabenchi, mayi akhoza kukhala pansi n'kumaona zonse. Nsanja ya tchalitchi ilekeni, masitepe ake ndi opapatiza. Lamlungu m'mawa kumakhala Misa, choncho alendo amalowa mochedwerapo.

Kuchoka apo, m'malo motsata khamu la mumsewu waukulu, khotani mukadzere Tóth Árpád sétány, kanjira ka mitengo ndi mipando kumadzulo kwa phiri. Kamakufikitsani ku Dísz tér, kenako ku Sándor-palota kumene kuli ofesi ya pulezidenti, asilikali ataima pakhomo. Misewu yambiri kumtundaku ndi ya miyala yoyala, ndiye mayi avale nsapato zafulati zogwira phazi, chifukwa kukagwa mvula miyalayo imaterera.

Za nyumba ya mafumu, musayembekezere zipinda zodzaza ndi mipando yagolide. Inaphwasulidwa kwambiri pa nkhondo ya 1944 mpaka 1945, ndipo lero muli Hungarian National Gallery, Budapest History Museum ndi laibulale ya dziko. Mabwalo ake akunja ndi aulere ndipo kwa tsiku limodzi ndi okwanira. Ngati mukufuna kulowa, tsikulo lisakhale Lolemba poti ku National Gallery amatseka. Potsika pitani ku Várkert Bazár, kuli zikepe zaulere zokufikitsani kumunsi pafupi ndi mtsinje.

Mlatho wa Széchenyi Lánchíd, wa mikango ya miyala, unatsegulidwa mu 1849 ndipo ndi wotalika mamita 375. Mayi akakhala kuti akadali ndi mphamvu, wolokani wapansi, apo ayi basi 16 imawoloka pomwepo. Kutsidya kwerani tram (kasitima ka mumsewu) nambala 2, yomwe imayenda m'mphepete mwa madzi. Khalani kumbali ya mtsinje kuti muone phiri lonse lomwe mwatsika.

Chakumwera pang'ono kwa Nyumba ya Malamulo, pagombe penipeni, pali nsapato zachitsulo mapeyala 60: za abambo, za amayi, ndi tating'ono ta ana. Zinaikidwa mu 2005 pokumbukira Ayuda amene zigawenga za Arrow Cross, chipani chogwirizana ndi a Nazi pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, zinawavula nsapato n'kuwaombera kuti agwere mumtsinje. Anthu amaikamo timiyala ndi makandulo. Ndi malo amaliro, chonde musapondemo phazi pojambulitsa. Palibenso chotchinga kumadzi, ndipo mtsinje ukasefukira gombe lakumunsi amalitseka.

Kuti mulowe m'Nyumba ya Malamulo ndi bwino kusungitsa malo pa intaneti masiku angapo kusanafike, ndipo amene si nzika za mayiko a EEA (a European Union pamodzi ndi Norway, Iceland ndi Liechtenstein) amalipira mtengo wokwera. Kuiona kunja, malo abwino ndi Batthyány tér, siteshoni imodzi yokha pa metro M2 (sitima yapansi panthaka) kuchokera pa Kossuth Lajos tér, kudutsa pansi pa mtsinje. Pitani dzuwa litapendeka, chifukwa nyumbayo inayang'ana kumadzulo. M'mawa dzuwa limakuthobwani m'maso ndipo zithunzi zimada.

Ndalama za kumeneko ndi forint. Makina a khadi akakufunsani kuti mulipire mu mapaundi kapena mu forint, sankhani forint. Ndipo ngati wina wa inu ali ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichilowetsa munthu ku Hungary, pamafunika viza ya Schengen, ndiye yambani kuifunsira msanga.