Phiri la Mulanje latuluka lotuwa, kodi ndigule kamera?

Mlongo wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Akuti anajambula phiri la Mulanje ndi foni mwezi wa Okutobala, koma chithunzicho chinatuluka chotuwa ngati phulusa. Atachiponya pa gulu lawo la ojambula pa WhatsApp, anthu anangoti zii. Ndiye akufunsa ngati nthawi yakwana yoti agule kamera yeniyeni.

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye. Foni yanu sinalakwe, mwezi ndi umene unakuchitani chipongwe. Mu Seputembala ndi Okutobala mlengalenga mumadzaza utsi: anthu akusosa m'minda, anyamata akutentha tchire posaka mbewa, fumbi nalo lili kobo. Phiri lonselo, ndi nsonga yake ya Sapitwa yotalika mamita 3,002, limangooneka ngati chithunzithunzi. Ngakhale kamera ya mamiliyoni singaboole utsi umenewo. Dikirani mvula yoyamba itsuke kumwamba, kapena mwezi wa Epulo ndi Meyi pamene mpweya uli mbee ndipo udzu ukadali wobiriwira.

Chinanso ndi ola. Inu ku Luchenza muli kumadzulo kwa phiri. M'mawa dzuwa limatulukira kuseri kwake, ndiye mumajambula mthunzi chabe. Masana dzuwa lili paliwombo zonse zimasuluka. Tulukani cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Pamenepo mizere ya miyala ndi zigwa zimayamba kuoneka, ndipo mukasendera cha ku Likhubula, thanthwe la Chambe limachita kufiira ngati mbaula. Musanadine, pukutani kagalasi ka kamera ndi nsonga ya chitenje. Mafuta a m'zala aononga zithunzi zambiri kuposa utsi.

Koma ndinene mosapsatira: phiri lokha, lili pakatikati pa chithunzi, sililankhula. Aliyense analijambulapo kale. Ikani kanthu patsogolo, kaya mizere ya tiyi, kaya wakabaza atanyamula matumba a makala, kaya mayi wosenza nkhuni. Munthu akaonekamo, woona amadziwa kukula kwa phirilo. Kungoti pemphani kaye. Ine ndinajambulapo mayi wogulitsa tomato pamsika osapempha, ndipo mawu amene anandilalatira ndimawakumbukabe. Masiku ano ndimayamba ndi "Zikomo mayi, ndingakujambuleni?", ndikajambula ndimawaonetsa, nthawi zina n'kugulako mulu umodzi. Wokana ndimamusiya.

Potumiza, dziwani kuti WhatsApp imafinya chithunzi kuti bandulo isathe msanga, ndiye timiyala ndi timasamba timafafanizika. Chimene mukuchinyadira tumizani ngati document, ndiye kuti ngati fayilo, kuti chisafinyidwe. Ndipo chikhale chimodzi, osati 15 za malo omwewo.

Za kuti zii kwa anzanuwo, ndikufunseni: inu munayankhapo chiyani pa zithunzi zawo? M'magulu ambiri timangoponya kachala kapena "zabho", zomwe sizithandiza munthu. Yambani ndinu. Wina akaponya chithunzi cha asodzi ku Cape Maclear dzuwa likulowa, muuzeni kuti bwato lakumanzerelo ndi limene lakugwirani mtima, koma nyanja yapendekeka pang'ono. Mufunseni anajambula nthawi yanji, anaima pati. Munthu ameneyo sangadzadutse chithunzi chanu osanenapo kanthu.

Mvula ikagwa, bwererani madzulo pamalo omwe munaima paja, mujambulenso. Munditumizire zonse ziwiri, chotuwacho musafufute.