Girdle pa ma main cap: musathamangire kutseka sampu

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akumanga injini ya Ford 302 yoti aikemo turbo, wagula kale girdle (chitsulo cholumikiza ma main cap, omwe ndi zitsulo zogwira crankshaft m'buloko) ndi ma stud (mabawuti opanda mutu, omangidwa ndi nati) a kampani ya ARP, ndipo akufunsa ngati angangomangirira girdle pamwamba pa ma cap n'kutseka sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini.

Achimwene, sampuyo iyambe yadikira.

Buloko wamba ya 302 ili ndi mabawuti awiri okha pa main cap iliyonse. Injini ikamakoka mwamphamvu, ma cap amasunthasuntha pamalo pake, zomwe amakaniko amati cap walk. Mukamasula injini yotere, yang'anani pomwe cap imakumana ndi buloko: mupezapo timadontho takuda ndi chitsulo chonyotsoka. Girdle imalumikiza ma cap kuti imodzi ikafuna kugwedezeka, zinazo ziigwire. Ntchito yake ndi imeneyo basi. Buloko yopyapyala siisanduka yokhuthala chifukwa cha girdle, ndipo 302 imadziwika ndi kung'ambika pakati mphamvu ikayandikira 500 hp. Ngati mukulinga kupitirira pamenepo, sakani buloko yolimba ngati ya kampani ya Dart, ya mabawuti anayi.

Chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Ma stud amafinya cap kwambiri kuposa mabawuti a kufakitale, ndiye dzenje lomwe bearing imakhalamo limatha kusiya kukhala lozungulira bwino. Diso silingaone, koma oyilo amadutsa pa kampata kochepetsetsa, pafupifupi 0.001 inchi pa inchi iliyonse ya kukula kwa journal, mbali ya crankshaft yomwe imazungulira mu bearing. Kupotoka pang'ono kokha, bearing yapsa. Choncho tengani buloko, ma cap, ma stud ndi girdle, zonse pamodzi, mupite nazo kwa amisiri a makina. Azimange pa torque (mphamvu yomangira nati) yomwe mudzagwiritse ntchito, ndi mafuta omwewo opaka pa ma stud, kenako ayeze ndi dial bore gauge, chida choyezera mkati mwa dzenje, ndipo ngati dzenje lapotoka apange line hone, kutanthauza kupala madzenje onse pamzere umodzi kuti akhalenso ozungulira. Kupanga line hone girdle ili pashelefu kunyumba n'kutaya ndalama.

Girdle iyeneranso kukhala phwaa pa ma cap onse. Pamwamba pa ma cap a kufakitale sipakhala posalala mofanana, ndiye ikamagwedera musaikakamize ndi sipanala, chifukwa idzakoka cap n'kuipendeketsa. Ma spacer (tizitsulo toika pakati pa girdle ndi cap) kapena kupala pang'ono pamwamba pa cap kumathetsa vutolo.

Mukaika crankshaft ndi ma rod, zungulitsani ndi manja pang'onopang'ono mukuunika ndi tochi. Mabawuti a rod ndi ma counterweight (zolemera za pa crankshaft) adutse pa girdle ndi mpata wosachepera 1.5 mm. Pomwe pakukhudza, lembani chizindikiro, chotsani girdle, palani, tsukani bwinobwino musanabwezeretse. Pampu ya oyilo ndi paipi yake yokokera nthawi zambiri ndi zomwe zimagundana ndi girdle. Kuti mudziwe mpata wa pakati pa kamwa ya paipiyo ndi pansi pa sampu, matanipo kadongo, vundikirani sampu ndi gasket yake, kenako yezani kadongoko. Mamilimita 6 mpaka 10 ndi abwino.

Ma stud alowe m'buloko ndi manja okha. Ma nati mangani m'magawo atatu, kuyambira pakati kupita kumapeto, ndipo musanamalize cap ya thrust bearing (yoletsa crankshaft kuseweraseera kutsogolo ndi kumbuyo) kankhirani crankshaft kumbuyo kenako kutsogolo kuti ikhazikike.

Ndi turbo imeneyo, samalaninso timing ndi petulo, chifukwa zikalakwika zimabweretsa detonation, kuphulika kwa petulo mosalongosoka m'silinda. Detonation imamenya ma cap ngati nyundo, girdle ikhalepo kapena ayi.