Kachithunzi ka Krishna kochokera ku Jaipur: n'kakaledi?

Mayi, mwafunsa ngati kachithunzi komwe achimwene anu akugulirani ku Jaipur, mzinda wa ku India, kojambulidwa papepala lofiirira la zidindo, n'kakaledi, komanso kasungidwe kake. Mnyamata wa khungu labuluu woimba chitoliro pakati pa ng'ombeyo ndi Krishna, mulungu wa Ahindu. Amadziwika ndi nthenga ya pikoko kumutu ndi nsalu yachikasu m'chiuno. Akanagwira uta, akanakhala mulungu wina, Rama.

Pepala likhoza kukhala lakale, utoto uli wadzana. Amisiri a ku Jaipur ndi Udaipur amagula mapepala akale a kukhoti n'kujambulapo lero. Komanso lamulo la India la 1972 limaletsa kutulutsa kunja zinthu zopitirira zaka 100, ndiye mlendo sangatuluke mwalamulo ndi chakale chenicheni. Musakhumudwe nazo, ambiri mwa amisiriwa dzanja lawo ndi labwino zedi.

Zithunzi zakale zenizeni ankazijambula pa wasli, mapepala angapo omatidwa pamodzi ndi phala la ufa wa tirigu. Utoto unkachokera ku miyala yopera, monga lapis lazuli wabuluu ndi malachite wobiriwira, wakuda unali mwaye wa nyale, zonse zosungunulira m'utomoni wa mthethe. Akapaka kamodzi ankachigoneka chafufumimba pamwala wosalala n'kupukuta kumsana ndi mwala wa agate, kenako n'kupakanso. N'chifukwa chake mukachipendeketsa pawindo chimanyezimira pang'ono ngati chikoko cha dzira. Utoto wa m'sitolo umaoneka wambuu kapena ngati pulasitiki. Tengani galasi lokulitsa muyang'ane tsitsi ndi zikope: burashi ya ubweya wa mchira wa gologolo imatulutsa mzere umodziumodzi wosaduka. Mukaona timadontho toyalana bwinobwino, dziwani kuti n'chosindikiza pamakina.

Ukalamba uli ndi zipsera zake. Mitsinje ankaipaka siliva, ndipo siliva amada ndi zaka, choncho madzi a mtsinje wa Yamuna pazithunzi zambiri zakale ndi otuwa kapena akuda. Utoto wobiriwira wa kopa umadya pepala mpaka kuboola. Za ku Basohli, kumapiri a kumpoto kwa India, za m'ma 1600 zimakhala ndi tizidutswa ta mapiko a kachilombo kobiriwira tomatidwa pamikanda ya milungu.

Pakasungidwe, chonde musakachite lamineti, kutentha ndi guluu zimapha utoto ndipo sizibwezeka. Selotepi nayonso imasiya banga lachikasu. Ikani mufulemu yokhala ndi kakatoni kopanda asidi kozungulira m'mbali kuti utoto usakhudze galasi, chifukwa nyengo yamvula umamatirira n'kutsala pagalasipo. Pachikani pakhoma lam'kati losafika dzuwa, kutali ndi khitchini ndi bafa. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti chuku chimayamba. Osapukuta ndi nsalu yonyowa ngakhale pang'ono, utomoni uja umasungunuka ndi madzi. Osachipinda kapena kuchikulunga, utoto umasweka n'kugwa ngati nkhanambo. Miyezi itatu iliyonse tembenuzani fulemu muone ngati kumbuyo kwalowa tizilombo todya mapepala, poti timakonda phala lomatira lija.