Kwa achemwali amene apatsidwa Physics ndi Chemistry popanda labu

Achemwali, ndawerenga funso lanu lija. Mwati akutumizani ku CDSS ina ya cha ku Muloza, inu munaphunzira za Biology, koma ahedi akupatsani Physics ndi Chemistry ya Fomu 1 ndi 2 kuphatikizapo kalabu ya sayansi. Ana ndi 80 m'kalasi, labu palibe, ndiye mukufunsa poyambira. Ine ndaphunzitsa maphunziro omwewa kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo kwa zaka zingapo, choncho ndikuuzani zimene zandithandiza.

Labu musaidikire. Ine ndinaidikira zaka zitatu, ndikumangodzaza bolodi ndi manotsi, ana n'kumaloweza mawu oti pressure osadziwa kuti ndi chinthu chomwecho chimene chimaphulitsa paipi ya pampopi wakwawo. Chofunika kwa mwana wa Fomu 1 n'choti azolowere kunena kaye zomwe akuganiza kuti zichitika, kenako ayese ndi manja ake, ayeze, alembe nambala. Dzina la Chingerezi la pamayeso a MANEB muzimupatsa pambuyo, ataona kale chinthucho.

Pa Chemistry yambani ndi chidede. Viikani chouma m'madzi otentha, musefe, mugawire magulu m'mabotolo odula pakati. Mukathiramo madzi a mandimu kapena a bwemba chimafiira kwambiri, mukathiramo soda kapena chidulo chimasanduka chobiriwira. Ndiye indicator yanu imeneyo, chozindikirira ngati chinthu ndi asidi kapena ayi. Chidulo chomwecho ana achite kucheza okha kuchokera ku phulusa, monga amachitira amayi awo pofuna kuphika therere, ndipo kusefa kuja mwaphunzitsiratu filtration osagula kanthu. Mukonze chidede cha tsiku lomwelo. Ine ndinasungapo cha sabata yathunthu, chitasasa chinandichititsa manyazi pamaso pa ana. Ndipo lamulo likhale limodzi kuyambira tsiku loyamba: palibe kulawa chilichonse, ngakhale chochokera kukhitchini. Asidi wa batire ya galimoto ndi caustic soda musalole mwana kubwera nazo.

Kuchoka apo pitani ku tiyi, popeza ambiri mwa ana anuwo makolo awo amathyola tiyi m'maesiteti kapena ali ndi kamunda kawo. Finyirani ndimu m'tiyi wopanda mkaka, aone akuyera. Afunseni chifukwa chimene tsamba lobiriwira limasandukira lakuda kufakitale. Akaliphwanya n'kulisiya pambale aona likuyamba kuda, chifukwa cha oxygen yemweyo amene amadzetsa dzimbiri pamalata. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pomwe chimanga chimavutika nayo mpaka alimi ena kuthira laimu. Chidede sichingakupatseni nambala zimenezi, ndiye ngati sukulu ili ndi kandalama, chinthu choyamba kugula chikhale mapepala a universal indicator. Ndipo ku Mimosa kuli Tea Research Foundation, kumene anthu ntchito yawo ndi imeneyi. Ndi bwino ana adziwe kuti asayansi ali pakhomo pomwepa.

Physics ndiye phiri likuphunzitsirani. Boolani botolo la malita awiri malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, ana ayambe alosera bowo limene madzi ake atuluke mwamphamvu. Akaona, afunseni chifukwa chimene mipopi yambiri ya kuno imatulutsira madzi popanda injini, ndiponso chifukwa chake pamakhala mathanki apakati panjira. Mamita 10 aliwonse amene madzi atsika m'paipi amawonjezera pressure yofanana pafupifupi ndi ya mpweya wonse uli pamwamba pathu, choncho popanda mathanki aja mapaipi akumunsi sakanalimba. Koma musachite inu nokha kutsogolo ngati amatsenga. Ana akumbuyo saona kanthu, amangomva anzawo akukuwa. Magulu khumi a ana asanu ndi atatu, botolo aliyense abwere nalo. Muzisinthanitsanso ntchito, chifukwa mukangowasiya, anyamata amalanda zipangizo atsikana n'kusanduka alembi.

Ngati mungabwereke thermometer kusukulu ina ya m'kalasita mwanu, wiritsani madzi ana ayeze. Apeza pafupifupi madigiri 98, ndipo wina adzafufuta n'kulemba 100 poti ndi zomwe zili m'buku. Mwana ameneyo musamukalipire, phunziro lonse lili pa iyeyo. Madigiri 100 ndi a kugombe la nyanja yamchere. Ukamakwera, mamita 300 aliwonse amachotsa pafupifupi digiri imodzi, ndiye pa Sapitwa, mamita 3002, madzi amawira pafupifupi pa 90. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuphiri. Ine ndimakonda phunziro limeneli kuposa onse, poti ndi tsiku limene mwana amazindikira kuti nambala yomwe wayeza yekha ikhoza kukhala yoona ngakhale isiyane ndi ya m'buku.

Zauinjiniya zisiyireni kalabu. Ana amene amapanga galimoto zamawaya ali kale ndi luso, chimene akusowa ndi kuyeza. Apatseni timitengo ta nsungwi tofanana ndi ulusi, gulu lililonse limange mlatho wodutsa pakati pa madesiki awiri, kenako muziupachika mchenga mpaka uthyoke. Adzaona okha kuti wa makona atatu umapirira kuposa wa makona anayi. Nkhani ya milatho muiyambe mosamala, chifukwa ena mwa anawo namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anawalanda abale ndi nyumba. Za magetsi, pezani kamota ka wayilesi yakufa, mumangirire zitsekerero za mabotolo ngati mapiko, muthire madzi, kababu ka LED kathwanime. Kakavuta kuyaka tembenuzani mawaya. N'zomwe a MEGA, kampani yopanga magetsi kuno ku Mulanje, amachita ku Bondo ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, kungoti zawo n'zazikulu, ndipo ngati ahedi angalole ulendo umodzi pachaka, ndingasankhe umenewo. Yunivesite ya sayansi ya MUST ili ku Ndata ku Thyolo kuyambira 2014, koma kumeneko mudzapite nawo akafika Fomu 3.

Zakuthambo n'zosavuta kuposa momwe mukuopera, ngakhale ana anu ndi oyendera. Mwana aliyense azijambula mwezi madzulo alionse nthawi yofanana kwa masabata awiri kuyambira pomwe waoneka, alembe mbali yomwe uli. Adzapeza kuti ukusuntha cha kummawa ndipo ukuchedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Nthawi ya chiperoni musayerekeze, mudzalandira mapepala opanda kanthu. Atumeni akafunse agogo awo mayina a nyenyezi, a Chichewa ndi a Chilomwe omwe. Adzabwera ndi Nthanda, Nsangwe, Akamwiniatsatana, Mlalang'amba. Pamenepo muwauze kuti Nthanda ndi pulaneti Venus, yomwe miyezi ina imaonekanso madzulo.

China choti mulembe m'dayale lero. Ife tili pa madigiri 16 kummwera kwa equator, ndiye dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, sabata yoyamba ya November ndi yoyamba ya February. Zikani ndodo yowongoka pabwalo, ana aziyeza chithunzithunzi chake kuyambira mu October, osayang'ana dzuwalo. Cha pa 6 November chidzasowa pansi pa ndodo, ndipo muwatulutse 11 koloko, chifukwa zimachitika cha m'ma 11:20, osati 12 koloko. Kudutsa pamenepo chithunzithunzi cha masana chiyamba kuloza kumpoto mpaka February. Mitambo ikakuphimbirani tsikulo, yesani mawa lake, kusiyana kwake n'kochepa.