Mayi wa siza wogonetsedwa thupi lonse: agone bwanji kuti chubu chopumira chilowe?

Mmodzi mwa owerenga athu, wophunzira ntchito yogonetsa odwala, watilembera imelo kuti: "Jekeseni wa pamsana akakanika, timagonetsa mayi thupi lonse. Ena amati tebulo lipendekere kumanzere, ena amati tikweze mutu ndi mapewa. Chofunika n'chiti, poti nthawi imakhala yochepa?"

Zikomo pofunsa. Zonse ziwiri n'zofunika ndipo sizilimbana. Kupendeketsa kumateteza kayendedwe ka magazi, kukweza kumtunda kumateteza mpweya. Ndipo zonsezi muzichita mayi ali maso, mankhwala asanalowe mumtsempha. Akagona, nthawi yosuntha mapilo yatha.

Mayi wa mimba yakucha ali ndi mpweya wosungika wochepa m'mapapo, pafupifupi 20 peresenti kutsika poyerekeza ndi amene sali woyembekezera, chifukwa chiberekero chimakankhira mapapo m'mwamba. Akagona chagada umachepanso. Pomwepo thupi lake ndi mwana zikudya okosijeni wambiri. Ndiye akasiya kupuma, saturation (mlingo wa okosijeni m'magazi) imagwa mwachangu kwambiri. Onjezani mmero wotupa, makamaka ngati ali ndi pre-eclampsia (matenda a BP yokwera pa mimba) kapena wakankha nthawi yaitali, mawere aakulu, ndi chakudya chomwe chingabwerere kulowa m'mapapo. N'chifukwa chake malangizo a mu 2015 a OAA ndi DAS, mabungwe a akatswiri ogonetsa odwala a ku Britain, amati mayi akwezedwe kumtunda madigiri 20 mpaka 30.

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Kukweza sikuika pilo mmodzi pansi pa mutu. Pilo mmodzi amapinda khosi, chibwano n'kutsamira pachifuwa, ndipo chogwirira cha laryngoscope (chida choonera kholingo polowetsa chubu) chimagunda mawere musanaone n'komwe lilime. Chofunika ndi chitunda chokwera pang'onopang'ono. Pindani mashiti kapena mabulangete: ochepa pansi pa msana wa kumtunda, ochulukirapo pansi pa mapewa, ochuluka kwambiri pansi pa mutu. Kenako chokani kumutu, mukaime m'mbali mwa tebulo, muwerame. Bowo la khutu likhale pa mzere umodzi ndi kadzenje ka pamwamba pa fupa la pachifuwa, nkhope itayang'ana kudenga. Mukaima kumutu diso limanama; chilichonse chimaoneka bwino. Ngati tebulo lanu limathyoka pakati, kwezani gawo la msana, kenako konzani mutu ndi shiti imodzi kapena awiri. Mayi wonenepa amafuna mashiti ambiri kuposa momwe mungaganizire.

Mukatero mawere amatsikira okha kumimba, mapapo amapeza malo, ndipo mkamwa ndi kholingo zimalunjikana.

Gwiraninso kunkhongo. Tsitsi loluka kapena la mesh lomangidwa mfundo kumbuyo limakhala ngati pilo wolimba amene simunamuike, ndipo mutu sugwera kumbuyo. Mupempheni mayiyo mwaulemu kuti limasulidwe, kapena likankhidwire pamwamba pa mutu, chisoti chisanavalidwe.

Za kupendeketsa: kuyambira milungu 20, chiberekero chimapsinja mitsempha ikuluikulu ya kumsana, magazi obwerera kumtima n'kuchepa. Tebulo lipendekere kumanzere madigiri 15, kapena ikani chotsamiritsa pansi pa thako lakumanja. Madigiri 15 ndi ambiri ndithu, mayi amamva ngati agwa, choncho ikani chotchinga m'mbali. Koma chenjerani: thupi likapendeka mutu umatsatira. Uwongoleni. Wopsinja cricoid (kachichereŵechereŵe ka m'munsi mwa kholingo, kamene amakapsinja kuti chakudya chisabwerere) nayenso asapsinje molunjika pansi ngati tebulo lili bwinobwino, chifukwa adzakankhira kholingo pambali inu n'kumaona mdima wokhawokha. Apsinje molunjika kumsana wa mayi, mphamvu ya 10 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu) ali maso, 30 N akagona. Ngati simukuona bwino, achepetse kapena asiye. Ife timakonda chotsamiritsa pathako kusiyana ndi kupendeketsa tebulo lonse, poti mapewa ndi mutu zimatsala pafupifupi zowongoka.

Chitunda chimakwezanso mutu kufika pomwe munthu wamfupi amayamba kunyang'ama. Tsitsani tebulo kuti nkhope ya mayi ifike cha pamsonga pa fupa la pachifuwa panu. Likakana, kwerani pa kasitepe, palibe manyazi.

Kagonedwe kakakhala bwino, perekani okosijeni malita 10 kapena kupitirira pa mphindi, masiki itagwira nkhope osadontha, kwa mphindi 3. Pafupi pakhale sakishoni (makina oyamwa malovu ndi masanzi) yoyaka, bougie (kandodo kotsogolera chubu), laryngoscope ya chogwirira chachifupi, chubu cha 7.0 ndi cha 6.5 kapena 6.0, komanso LMA (kachipangizo kopumira kamene kamakhala pamwamba pa kholingo).

Mukalephera kulowetsa chubu koyamba, musabwereze momwemo. Bwezani okosijeni ndi masiki mofatsa, yang'ananinso khutu ndi kadzenje kaja, chifukwa mayi amatsetsereka pa chitunda pomwe akumupaka mankhwala ndi kumufunditsa. Kuyesa kusapitirire kawiri. Kachitatu n'kwa wodziwa kuposa inu yekha. Kupyola apo mmero umatupa ndi kutuluka magazi, ndipo LMA imene ikanakupulumutsani imayambanso kuvuta.

Chubu chikalowa ndipo mwatsimikiza ndi capnograph (makina oyeza mpweya woipa umene mayi akutulutsa), mutha kutsitsa msana ngati BP yagwa kapena dokotala akufuna malo. Mwana akatuluka chotsani chotsamiritsa. Pochotsa chubu, mayi akhale atadzuka ndithu, akumva mawu anu, mutu utakwezedwa kapena atagonera kumanzere, sakishoni ili m'manja.