Lipoti lati CAIX ilipo, PD-L1 palibe: kodi chithandizo cha khansa ya impso chisintha?

Mayi wina watumiza imelo yokhudza bambo ake, amene ali ndi khansa ya impso ya mtundu wa clear cell yomwe yafalikira m'mapapo. Lipoti la ku labotale lati puloteni ya CAIX ilipo yambiri pachotupacho, koma PD-L1, puloteni imene chotupa chimabisalira nayo chitetezo cha m'thupi, palibe. Akufunsa ngati pali mankhwala olimbana ndi CAIX, komanso ngati mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi sangawathandizenso bambowo.

Mayi, pepani ndi matendawa. Puloteni ikapezeka pachotupa, sindiye kuti mankhwala angagwire pomwepo. Mapuloteni ena amangothandiza kuzindikira mtundu wa khansa, pomwe ena ndi amene chotupa chimadalira kuti chikule.

Gwero la zonse ndi jini ya VHL, yomwe imakhala itawonongeka mwa odwala ambiri a clear cell. Jiniyi ikamagwira bwino ntchito, selo limaphwanya puloteni ya HIF pakakhala okosijeni wokwanira. Ikawonongeka, HIF imaunjikana, makamaka mtundu wake wa HIF-2α, selo n'kumachita ngati likubanika. Limayamba kutulutsa puloteni ya VEGF yomwe imameretsa mitsempha yatsopano ya magazi yodyetsa chotupa, komanso CAIX imene mwaiona palipotiyo.

Pa zimenezi, VEGF ndiyo inayamba kugonja. Bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ku United States linavomereza mankhwala otseka njira ya VEGF: sorafenib mu 2005 ndi sunitinib mu 2006. Sunitinib amamwa 50 mg patsiku kwa milungu inayi, n'kupuma iwiri. Popeza VEGF imafunikanso m'mitsempha yabwinobwino, ikatsekedwa BP imakwera, zikhatho ndi mapazi zimatha kusupuka, ena amatsegula m'mimba. Pakapita miyezi chotupa chimazemba podzera mapuloteni ena monga MET ndi AXL, n'chifukwa chake cabozantinib, wovomerezedwa mu 2016, amatseka onsewa limodzi ndi njira ya VEGF. Belzutifan amagwira HIF-2α yeniyeniyo. Anavomerezedwa mu 2023 kwa odwala amene mankhwala odzutsa chitetezo a PD-1 ndi otseka VEGF asiya kuwagwira, ndipo amamwa 120 mg patsiku. HIF-2α ndiyonso imalamula impso kupanga erythropoietin, yomwe imachititsa thupi kupanga magazi, choncho ikatsekedwa magazi amachepa ndipo okosijeni m'magazi amatha kutsika. Zonse ziwirizi ziziyezedwa pafupipafupi.

Nkhani ya CAIX ndi yowawa. Puloteniyi imakhala pamwamba pa selo ndipo imapezeka pa zotupa zambiri za clear cell, moti ofufuza ankaiyembekezera kwambiri. Koma girentuximab, mankhwala omatirira pa CAIX, woperekedwa pambuyo pa opaleshoni m'kafukufuku wa ARISER, sanaletse khansa kubwerera. Ku Rotterdam m'dziko la Netherlands ofufuza anasintha maselo a chitetezo a odwala kuti azisaka CAIX, koma chiwindi chinavulala chifukwa timachubu ta ndulu tilinso ndi puloteni yomweyo. Kumene girentuximab wachita bwino ndi pojambula: akamumatiza zirconium-89 yomwe imatulutsa cheza, chotupa cha clear cell chimaoneka pa makina a PET. Pa lipoti la bambo anu, CAIX ikungochitira umboni kuti khansayo ndi clear cell.

Za PD-L1 musade nazo nkhawa. Pa khansa ya m'mapapo kuyeza kumeneku kumathandiza kusankha mankhwala, koma pa ya impso ayi, ngakhale itafalikira m'mapapomo. Kachidutswa kamene anayeza sikaimira chotupa chonse, ndipo odwala opanda PD-L1 amathandizidwabe ndi mankhwala odzutsa chitetezo: nivolumab pamodzi ndi ipilimumab, kapena pembrolizumab pamodzi ndi axitinib wotseka njira ya VEGF. Kungakhale kulakwa kwakukulu kuwamana bambo mankhwalawa chifukwa cha mzere umodziwo.

Chimene madokotala amayang'ana ndi mfundo zisanu ndi imodzi za IMDC, njira yoyezera kuvuta kwa matendawa: hemoglobin yotsika (kuchepa magazi), calcium wokwera, ma neutrophil (maselo oyera a magazi) ochuluka, ma platelet (othandiza magazi kuundana) ochuluka, kufooka kwa thupi, ndi kuyamba mankhwala chaka chisanathe chipezekereni matenda. Wopanda ngakhale imodzi ali m'gulu labwino, wa imodzi kapena ziwiri ali pakati, wa zitatu kupita m'tsogolo ali m'gulu lovuta. Funsani dokotala kuti bambo ali gulu liti, ndipo muwauze ngati ali ndi BP, vuto la mtima kapena matenda omwe chitetezo chimaukira thupi lomwe, chifukwa izi n'zimene zingasinthe mankhwala amene angawayenere.