Ku Kasungu kulibe nyanja, ndiye mwana asaphunzire za m'madzi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 ku Kasungu. Akufuna kudzakhala wolemba mapulani oyendetsera malo otetezedwa a m'madzi, koma bambo ake akuti: "Nyanja unaionera kuti iwe? Ukachite unamwino." Makalata otere amandipeza pafupipafupi, ndipo mawu a makolo sasintha.

Bambo, ndiyambe ndi inu. Ntchitoyi si yopalasa bwato. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO la United Nations linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zokongola zokhala m'miyala zotchedwa mbuna. Mkati mwakemo muli mudzi wa Chembe, wa anthu odya za usodzi. Pamafunika munthu woti alembe kuti ukonde uponyedwe pati, malo ogona alendo amangidwe pati, zinyalala zitayidwe kuti. Namwino wochita kukakamizidwa tonse tinakumana naye kale kuchipatala, musatiwonjezere wina.

Tsono iwe mwana wanga, usasekerere msanga. Ngati ukulota zosambira ndi nsomba zokongola, dzuka. Wongomaliza kumene sukulu sapatsidwa pulani kuti alembe. Udzayamba ndi kuyeza usipa padoko m'bandakucha, kenako kufotokozera asodzi okwiya chifukwa chake chambo sichiphedwa mu Novembala ndi Disembala. Mipata yake ndi yochepanso.

Ine ndikukulozera ku Mzuzu University, maphunziro a Fisheries and Aquatic Science, kapena ku Bunda. Zikakanika, pali koleji ya zausodzi ku Mpwepwe, ku Mangochi. Koma m'kalata yako yonse sunatchulemo Biology kapena masamu, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa kuposa bambo akowo.

Sukulu ina uli nayo pakhomo pomwepo. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park, ndipo alimi a m'malire akudziwa zomwe chimanga chawo chakumana nazo. Mkangano wa mlimi ndi paki ndi womwewo wa msodzi ndi paki. Kukakhala msonkhano wa amfumu ndi a zanyama, pita ndi kope, ukakhale kumbuyo, ukalembe zomwe mbali iliyonse ikudandaula. Ukatero undilemberenso, ndipo uikemo magiredi ako a mayeso a moko.